LAMULO NDI BANJA: Mlandu Suwola, Koma Apilo Ili ndi Masiku 30 Okha

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti mlandu suwola. Pabwalo la mfumu mawu amenewa ngoona ndithu, pakuti munthu angathe kudzutsa nkhani ya ng'ombe imene agogo ake anabwereketsa iye asanabadwe, akuluakulu n'kukhala pansi pa mkuyu naimva mpaka dzuwa kupendeka. Koma amene anganyamule mwambi womwewu kupita nawo ku makhoti a Boma adzabwerako manja ali m'khosi. Kumeneko kuli chinthu chimene chimawola msanga, ndicho ufulu wa munthu wokadandaula ku khoti lokulirapo pamene khoti laling'ono lamuweruza mosamukhutiritsa. Kudandaula kotereku ndiko timakutcha kuchita apilo, ndipo moyo wake ndi masiku 30 okha.

Mwezi uno, awerengi okondedwa, tiyeni tikambirane za apilo pa milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake: ngongole, ukwati ndi kutha kwake, chuma cha masiye, ziweto zimene zadya m'munda mwa eni, kuipitsirana mbiri, ndi ina yotere. Milandu ya upandu, imene apolisi amatengera munthu ku khoti m'dzina la Boma, ili ndi njira yakeyake, ndipo lero tiisiya padera.

Poyamba tidziwe makwerero ake. Kwa ife a ku Chipangali, kaya tili kwa Mfumu Chanje, kwa Mfumu Mkanda, kwa Mfumu Mshawa kapena kwa Mfumu Kapatamoyo, mkangano umayambira kwa ankhoswe kapena kwa anyakwawa, ndipo ukakula umakafika kwa mfumu yaikulu ya dera. Mabwalo amenewa ngolemekezeka, ndipo milandu yambiri imathera komweko mwamtendere ndiponso mosawononga chuma. Komabe malamulo aakulu a dziko la Zambia sawawerengera pakati pa makhoti. M'masiku a atsamunda, Chipata akadali Fort Jameson, mafumu ndiwo ankaweruza m'makhoti a eni dziko amene Boma linavomereza mu 1929. Lamulo la mu 1966 ndilo linakhazikitsa makhoti a Local Court amene tili nawo lero, ndipo oweruza ake si mafumu ayi, koma anthu olembedwa ntchito ndi nthambi ya zoweruza. Chotero munthu amene sanakhutire kwa mfumu napita ku Local Court sakuchita apilo. Iyeyo akuyamba mlandu watsopano, ndipo adzagula samani monga wina aliyense.

Khwerero loyamba tsono ndi Local Court. Pamwamba pake pali khoti la mejisitireti, limene lamulo limalitcha Subordinate Court. Pamwamba pa mejisitireti pali High Court, ndipo m'chigawo chathu cha Kum'mawa khoti limeneli limakhala ku Chipata. Mu 2016, pamene malamulo aakulu a dziko anakonzedwa, pakati pa High Court ndi Supreme Court panaikidwa khoti latsopano lotchedwa Court of Appeal, limene likulu lake lili ku Lusaka. Achikulire amene anazolowera kuti munthu akachoka ku High Court walunjika ku Supreme Court adziwe kuti njira ija inapatuka. Chaka chomwecho panabadwanso Constitutional Court, koma ilo limaona za malamulo aakulu a dziko ndi za masankho, osati za mbuzi zathu.

Alipo akhristu amene amaona ngati kuchita apilo ndi mwano, kapena kuuma mtima kosayenera munthu wolandira Ukaristia. Nkhawa yawo siyopanda maziko. Paulo Woyera anadzudzula akhristu a ku Korinto chifukwa chokokerana ku makhoti a anthu akunja pa nkhani zimene akanatha kuzikonza okha, ndipo malamulo a Mpingo nawonso amatilangiza kupewa milandu paliponse pamene chilungamo sichingavulale potero. Koma Paulo yemweyo, ataona kuti bwanamkubwa Fesito afuna kukondweretsa adani ake pomubwezera ku Yerusalemu, anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi mfumu yaikulu ya ku Roma, monga timawerengera m'mutu 25 wa Ntchito za Atumwi. Ndipo kale lomwe m'chipululu, Yetero analangiza mkamwini wake Mose kuti aike oweruza a magulu aang'ono ndi aakulu, kuti milandu yovuta yokha ndiyo izifika kwa iye. Woweruza ndi munthu wa thupi ndi magazi. Amatopa, amamva mawu molakwika, nthawi zina amakhulupirira mboni yolankhula mokometsera nakayikira munthu woona amene lilime lamumanga ndi mantha. Lamulo lenilenilo limavomereza kufooka kumeneku, n'chifukwa chake linaika makwerero. Amene wakwera sananyoze woweruza.

Tiyerekeze tsopano kuti Local Court lagamula mlandu wanu lero, ndipo inu mukuona kuti chilungamo sichinayende. Masiku 30 aja ayamba kuwerengedwa kuchokera pa chigamulocho. Sayembekezera kuti mtima wanu utsike, kapena kuti achibale amalize upo wawo, ndipo masiku a Lamulungu nawonso ali m'kati mwa chiwerengerocho. Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Chigamulo chikagwa mu Disembala, munthu amati ndiyambe ndabzala, ndipalire, ndithire feteleza. Chikagwa m'nyengo ya masika amati ndidikire ndalama za fodya kapena za soya kuti ndipeze yokwerera galimoto. Mayi wamasiye amatumiza mawu kwa atsibweni ake ku Lusaka kapena ku Migodi nadikira yankho, popeza sanaleredwe kuti azichita zinthu zazikulu payekha. Pofika tsiku limene onse agwirizana, mwezi wapita. Ulemu wotere ngwabwino, koma kalendala ya khoti siudziwa.

Langizo langa ndi lakuti m'sabata yomweyo ya chigamulo mupite kwa kalaliki wa khoti limene lakuweruzani, mukanene poyera kuti mufuna kuchita apilo. Musachite manyazi poganiza kuti a khoti akwiya nanu; imeneyo ndi mbali ya ntchito yawo. Pali ndalama zolipira, ndipo kalalikiyo adzakuuzani kuchuluka kwake. Ndalama iliyonse imene mwapereka ituluke ndi lisiti la Boma losonyeza tsiku, chifukwa lisitilo ndilo lidzakuchitireni umboni tsiku lina wina akadzanena kuti munachedwa. Musapatsire munthu ndalama panjira kapena pamsika kuti akakulembetsereni, ngakhale atavala yunifolomu. Pemphaninso kope la chigamulo, mulembe nambala ya mlandu wanu, ndipo mapepala onsewa muwasunge m'pulasitiki pamene mumasunga makhadi a ubatizo, kutali ndi chiswe ndi kudontha kwa denga. Zolemba za mlandu zimatumizidwa kwa mejisitireti amene amayang'anira dera limene khotilo lili. Pakapita milungu osamva kanthu, pitani mukafunse ngati zinatumizidwa, ndipo mukafunsenso kumene zinapitako ngati zinafika. Mlandu umene mwini wake sakuulondola umagona m'kabati.

Chinthu chachiwiri ndi zifukwa. Kunena kuti sindinakondwe si chifukwa, pakuti pa mlandu uliwonse mmodzi amatuluka wosakondwa. Khoti lokulirapo lifuna kumva pamene khoti laling'ono linaphonya. Kodi linakana kumva mboni yanu imene inali pomwepo? Kodi linagamula inu kulibe, samani musanailandire? Kodi woweruza ndi mbale wa amene mukutsutsana naye, ndipo sanadzipatule? Kodi linalamula chipepeso cha ng'ombe zitatu pamene umboni unasonyeza kuti chowonongeka ndi mizere khumi ya chimanga? Kodi linaweruza nkhani imene silinapatsidwe mphamvu yoiweruza? Zifukwa zotere zinenedwe mwachidule ndi mwaulemu. Kutukwana woweruza papepala sikunapambanitsepo munthu.

Kwathu kuno pali chifukwa china chimene chiyenera kuchiganizira mofatsa, ndicho cha mwambo. Achewa a Kalonga Gawa Undi ndi Angoni a Inkosi Mpezeni akhala moyandikana ndi kukwatirana kwa zaka zoposa 100, ndipo m'mudzi umodzi mungapezeke banja la chikamwini, limene ana ake amawerengedwa ku mbumba ya kuchikazi pansi pa atsibweni, ndi banja lina limene linapereka ng'ombe za malobolo, ana n'kukhala a kuchimuna. Local Court limaweruza potsata mwambo, koma funso n'lakuti: mwambo wa yani? Ngati ukwati unamangidwa mwa Chichewa, ankhoswe a mbali zonse ali mboni, ndipo khoti lagamula ngati kuti panaperekedwa malobolo, pamenepo pali choti mejisitireti achione. Ndiponso mwambo si mawu otsiriza. Lamulo la makhotiwa limanena kuti mwambo utsatidwe pokhapokha ngati sukutsutsana ndi chilungamo chachibadwa kapena ndi lamulo lolembedwa. Chitsanzo chodziwika ndi lamulo la mu 1989 la chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo. Lamulolo linaika kuti pa magawo 100 alionse, 50 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndipo 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Silikhudza minda ya m'manja mwa mafumu, koma limakhudza ndalama, ziweto, njinga, ngolo, chigayo ndi zina zotere. Khoti likalola kuti abale a mwamuna atenge zonse m'dzina la mwambo, mayi ndi ana n'kutsala ndi mphasa, chimenecho n'chifukwa cholimba cha apilo.

Nanga kwa mejisitireti kumachitika zotani? Apa pali uthenga wolimbitsa mtima. Apilo yochokera ku Local Court kawirikawiri imamvedwa mwatsopano, ngati kuti mlandu ukuyamba kumene, pokhapokha mejisitireti ataona kuti sikofunika kubwereza zonse. Tanthauzo lake n'lakuti mboni zanu ziyenera kupitanso, ndipo yokwerera ndi chakudya chawo zili pamutu panu. Ankhoswe, anyakwawa amene anaona malire, munthu amene analipo pamene ngongole inkaperekedwa, onsewa akonzekeretsedwe nthawi ikadalipo. Kalata, lisiti, kabuku kolembamo ngongole, ngakhale uthenga wa pafoni, zonse zitengedwe. Ku Local Court maloya saloledwa kuimira munthu pa milandu yotereyi, koma kwa mejisitireti amaloledwa, choncho musadzidzimuke mukakapeza mnzanu uja wabwera ndi loya. Chilankhulo cha khotilo ndi Chingerezi, koma pali womasulira, ndipo palibe chochititsa manyazi kulankhula Chinyanja chanu. Ndaonapo anthu akudzipweteka okha poyesa Chingerezi cha sitandade 7 kuti aoneke ophunzira, navomera mawu amene sanawamvetse. Pa nkhani ya mwambo mejisitireti angathe kuitana akuluakulu odziwa mwambowo kuti amuunikire, ndipo si kulakwa kupempha kuti atero.

Koma dziwaninso kuti mlandu ukamvedwa mwatsopano, mpeni umacheka mbali zonse ziwiri. Amene analamulidwa kupereka mbuzi ziwiri angathe kubwerako atamasulidwa, angathenso kubwerako atalamulidwa kupereka zinayi.

Palinso msampha umene umakola ngakhale anthu ophunzira. Ambiri amaganiza kuti akangolembetsa apilo, chigamulo choyamba chagona tulo mpaka mlandu udzathe. Sizili choncho ayi. Mfundo imene makhoti athu amatsata ndi yakuti apilo payokha siimitsa chigamulo. Amene wapambana ali ndi ufulu wodya zipatso za kupambana kwake. Ngati mufuna kuti ng'ombe zisatengedwe, kapena kuti musatulutsidwe m'nyumba apilo isanamvedwe, muyenera kupempha khoti mwapadera kuti liyambe laimitsa chigamulocho, ndipo mulisonyeze kuti apilo yanu ili ndi mutu ndiponso kuti zikatengedwa sizidzabwereranso. Pemphani zimenezi nthawi yomweyo imene mukulembetsa apilo. Kuthamangitsa mesenjala wa khoti ndi nkhwangwa, kapena kukabisa ziweto kwa achibale kutsidya la mtsinje usiku, kumangobala mlandu wina woipa kuposa woyamba.

Munthu akalephera kwa mejisitireti, khomo la High Court lili lotsekula, ndipo masiku ndi 30 omwe aja. Kuyambira pamenepa nyimbo imasintha. Jaji kawirikawiri saitananso mboni. Amawerenga zimene mejisitireti analemba, namva mbali ziwirizo zikutsutsana pa zolembazo. N'chifukwa chake kwa mejisitireti ndiko koyenera kukhuthula zonse, osasunga mboni ina kuti idzagwire ntchito kutsogolo. Makhoti aakulu safulumira kusintha zimene woweruza woyamba anapeza kuti ndizo zinachitika, popeza iyeyo ndiye anaona mboni ndi maso ake, anaona amene ankanjenjemera ndi amene ankayang'ana pansi. Mu 1982, pa mlandu wa Zulu ndi kampani ya Avondale Housing Project, Supreme Court linafotokoza kuti khoti la apilo lingasinthe zopeza zotere pokhapokha ngati zili zokhota moonekeratu, kapena zilibe umboni wozichirikiza, kapena woweruza sanamvetse bwino nkhani imene inali pamaso pake. Mfundo imeneyi ikutsatidwabe. Choncho kunena kuti mejisitireti anakhulupirira wabodza sikukwanira. Muyenera kuloza tsamba ndi mzere pamene bodzalo likudzitsutsa lokha.

Kupitirira High Court njira imapanikiza. Mlandu umene unayambira pansi, High Court n'kuumva ngati apilo, sungapite ku Court of Appeal popanda chilolezo. Chilolezo chikapezeka pamafunika chidziwitso cha apilo ndi zifukwa zake m'masiku 30, kenaka mabuku a zolemba zonse za mlandu, osindikizidwa ndi kusokedwa makope angapo, m'masiku 60. Ku Supreme Court nako kumafunika chilolezo china, chopemphedwa m'masiku 14, ndipo chimaperekedwa makamaka pamene nkhaniyo ili ndi mfundo ya lamulo yokhudza anthu ambiri. Kunena zoona, m'madera amenewa munthu wamba sangayende wopanda loya.

Wina angafunse kuti: kodi alipo munthu wochokera ku Local Court amene anakafikadi kumwambako? Alipo, ndipo amayi ambiri a m'dziko muno akudya zipatso za ulendo wake osamudziwa. Mlandu wake odziwa malamulo amautcha Chibwe ndi Chibwe. Ukwati wa anthu awiriwa unamangidwa potsata mwambo wa Aushi, ndipo unathetsedwa ku Local Court ku Mufulira. Mwamuna anali munthu wa mabizinesi ndi chuma chambiri, koma makhoti aang'ono sanasamale za gawo la mkazi. Mayiyo anapita kwa mejisitireti, anapita ku High Court kumene analamulidwa kulandira ndalama zimene iye anaona kuti n'zochepa poyerekeza ndi chuma cha banjalo, ndipo anapitirira mpaka ku Supreme Court. M'chaka cha 2000 khoti lalikululo linamuwonjezera gawo la chuma, ndipo linanena kuti pogawa katundu wa banja khoti liyenera kuona zimene aliyense anathandizapo, kaya ndi ndalama, kaya ndi ntchito ya manja ake pakhomo. Kuphika, kulera ana, kusamala nyumba, zonsezi zinawerengedwa. Kwa mayi wa ku Chipangali amene wakhala zaka 20 akupalira, kuthyola ndi kusoka fodya amene ndalama zake zinagula ng'ombe ndi malata, chigamulo chimenechi ndi ndodo yoyendera.

Si onse amene anakwera napambana. Mu 1977, pa mlandu wa Mwiya ndi Mwiya, mayi wina wokwatiwa mwa mwambo wa Alozi anakafika ku High Court kupempha gawo la chuma ndi chithandizo ukwati utatha, ndipo khoti linamukanira, likuti mwambowo sukakamiza mwamuna kutero. Pakati pa milandu iwiriyi pali zaka 23, ndipo m'zaka zimenezo maganizo a dziko anasuntha. Lero lamulo la Local Court limalola khoti kulamula kuti wosudzulidwa azilandira chithandizo cha mwezi ndi mwezi kwa nthawi yosapitirira zaka zitatu, kapena kufikira atalowa m'banja lina. Lamulo limakula chifukwa cha anthu amene anakana kukhala chete, olephera ndi opambana omwe.

Nditanena zonsezi, ndisakusiyeni ndi maganizo akuti chigamulo chilichonse chowawa n'choyenera apilo. Khalani pansi muwerengere. Ulendo wa ku khoti suchitika kamodzi. Mlandu umaimitsidwa chifukwa mnzanu wadwala, kapena mejisitireti ali ku msonkhano, kapena zolemba sizinafike, ndipo ulendo uliwonse ndi yokwerera ya inu ndi mboni zanu, ndiponso tsiku limodzi la kumunda lotayika. Wolephera angathenso kulamulidwa kubweza zimene mnzake wawononga pa mlanduwo. Kugulitsa ng'ombe kuti muwombole nkhuku ndi nzeru za munthu amene mkwiyo wamulanda chiwongolero. Komanso amene mukutsutsana naye si mlendo: mumatunga pa mjigo umodzi, mumakumana pa maliro, mwina mumapemphera mu mphakati umodzi, ndipo ana anu adzatsala akuyang'anizana inu mutapita. Dzifunseni moona mtima ngati chimene chikukuwawani ndi chilungamo chopotozedwa, kapena ndi manyazi akuti anthu anakusekani potuluka m'khoti.

Ndipo pali mtundu wina wa apilo umene ndiyenera kuutchula ndi dzina lake, ndiwo tchimo. Bambo wa ndalama amene akudziwa bwino lomwe kuti chigamulo chinali cholungama, koma achita apilo kuti mkazi amene anamusiya atope ndi maulendo mpaka agonje. Wamalonda amene akoka mlandu wa ngongole zaka ziwiri kuti pofika tsiku lobweza ndalamazo zikhale zitatha mphamvu. Oterewa akugwiritsa ntchito khomo la chilungamo potsekera mnzawo kunja. Lamulo la Boma mwina silingawagwire. Koma mkhristu akudziwa kuti kumana mnzake zake mwa njira yochedwetsa ndi kuba komwe, ndipo nkhani yotere malo ake ndi m'kulapa.

Apilo ikalembetsedwa sindiye kuti khomo lokambirana latsekeka. Ankhoswe, akuluakulu a mpingo kapena anyakwawa angathe kukhazika pansi mbali ziwirizo mlandu uli m'njira. Mukagwirizana, musangosiya kupita ku khoti. Pitani nonse mukauze mejisitireti, ndipo mgwirizanowo ulembedwe pamaso pake, kuti mawa wina asadzadzuke ndi chigamulo chakale m'manja.

Kwa ife Akatolika pali mawu owonjezera pa milandu ya ukwati. Local Court lili ndi mphamvu yothetsa ukwati wa mwambo wokha. Ukwati wolembetsedwa pansi pa lamulo la Boma la maukwati, umene uli ndi setifiketi yake, ungathetsedwe ndi High Court basi, ndipo Local Court likaukhudza ladumpha malire ake. Amene munadalitsa ukwati m'tchalitchi yang'anani mapepala anu, kapena funsani ku ofesi ya parishi, kuti mudziwe ngati ukwati wanu unalembetsedwanso ku Boma. Koma ngakhale khoti lililonse la dziko litagawa katundu ndi kunena za ana, sakramenti silinakhudzidwe. Mpingo uli ndi makhoti akeake, amene safuna kuthetsa ukwati, koma kufufuza ngati unalipodi kuyambira pachiyambi. Kumenekonso kuli apilo, ndipo masiku ake ndi 15 okha kuchokera pamene munthu wadziwitsidwa chigamulo. Mwa lamulo la Mpingo apilo yochokera ku dayosizi imapita ku khoti la Arkiepiskopi wa chigawo, ndipo dayosizi yathu ya Chipata ili m'chigawo cha Lusaka. Pamwamba pa onse pali khoti la ku Roma lotchedwa Rota. Kale chigamulo chakuti ukwati sunalipo chinkayenera kutsimikizidwa ndi khoti lachiwiri ngakhale popanda wodandaula, koma mu 2015 Papa Francis anachotsa lamulo limenelo, kotero kuti chigamulo chimodzi chimakwanira ngati palibe amene wachita apilo.

Nanga amene akuwerenga tsamba lino masiku 30 atamudutsa kale? Asataye mtima msanga. Khoti la apilo lili ndi mphamvu yolola munthu kuchita apilo mochedwa, koma chimenechi ndi chisomo chopempha, osati ufulu. Muyenera kufotokoza chimene chinakuchedwetsani, ndipo mawu okha sakwanira: ngati munagonekedwa m'chipatala, khadi la kuchipatala lionetsedwe, ngati simunadziwe kuti mlandu unagamulidwa, nenani tsiku limene munamva ndi amene anakuuzani. Kuchedwa kwa sabata imodzi kumamveka mosavuta kuposa kwa chaka, choncho tsiku lililonse limene mukuganizabe likukuchotserani mphamvu. Palinso akuluakulu oyang'anira makhoti a Local Court, amene lamulo linawapatsa mphamvu yoona zolemba za milandu ndi kukonza zolakwika zoonekeratu. Nawonso mungathe kukawadandaulira, koma musalole kuti kudikira yankho lawo kukudyereni masiku a apilo.

Thandizo lilipo kwa amene sangathe kulipira loya. Bungwe la Boma la Legal Aid Board lili ndi ofesi ku Chipata, ndipo limathandiza pa milandu ya pakati pa anthu, osati ya upandu yokha monga ambiri amaganizira. Lamulo la mu 2021 la chithandizo chimenechi linavomerezanso alangizi a zamalamulo amene si maloya koma anaphunzitsidwa ntchitoyi. M'maparishi mwathu funsani a bungwe la Chilungamo ndi Mtendere kuti akulozereni koyenera. Chenjerani ndi akatswiri a pansi pa mtengo amene amazungulira pafupi ndi makhoti nalonjeza kuti amadziwana ndi woweruza. Amenewo akalandira ndalama zanu foni yawo imazima. Popita kukafuna thandizo tengani kope la chigamulo, malisiti onse, samani imene munalandira, chitupa chanu, ndi pepala limene mwalembapo masiku a zonse zimene zinachitika motsatana, kuyambira tsiku limene mkangano unabuka kufikira tsiku limene khoti linagamula.